Kalata kwa a nduna ndi opanga zipangizo zamakono: wodwazika matenda kunyumba mumubwezera maola angati?

Olemekezeka a nduna za zaumoyo, a nduna zoona za chisamaliro cha anthu, akuluakulu a zipatala, eni makampani a foni ndi intaneti, opanga mapulogalamu, ndi inu nonse amene mumapereka ndalama zachitukuko,

Ndikulemba m'malo mwa anthu amene simukumana nawo m'misonkhano yanu, chifukwa nthawi imene inu mukukumana iwo amakhala akusintha zofunda zonyowa kapena akunyengerera munthu wamkulu kuti ameze piritsi. Ndikunena odwazika matenda m'makomo: mayi amene amuna awo anafa ziwalo ndi sitiroko, mwana wamkazi amene amayi ake omubereka sakumuzindikiranso, bambo wa mwana wa ulumali, mdzukulu amene amajomba kusukulu poti agogo sangatsale okha. Salipidwa. Ambiri sanaphunzitsidwepo ngakhale kanyamulidwe ka wodwala. Palibe amene anawafunsa ngati akuifuna ntchitoyi, inangowagwera.

Masiku ano nkhani yoti luso lamakono lithandize anthu amenewa yafika pakamwa panu, ndipo zimenezo ndikuyamikira. Koma mayendetsedwe ake akundichititsa mantha. Pempho langa ndi limodzi. Musanaike ndalama pa chipangizo chilichonse kapena pulogalamu iliyonse, funsani kuti: kodi chimenechi chimubwezera wodwazika maola angati pa sabata, nanga chimulanda angati? Zonse zimene ndilembe pansipa zikuchokera pa funso limeneli.

Ndiyambe ndi kukula kwa ntchitoyi, poti ena mwa inu nkhani imakulowani ikabwera ndi manambala. Bungwe la ILO, loona za ntchito pa dziko lonse, linawerengera mu 2018 kuti tsiku lililonse anthu amathera maola 16.4 biliyoni pa ntchito yosamalira ena popanda malipiro, kuphatikizapo kulera ana ndi ntchito za pakhomo. N'chimodzimodzi anthu 2 biliyoni kugwira maola 8 tsiku ndi tsiku osalandira kalikonse. Magawo atatu mwa anayi a ntchitoyo amagwira ndi amayi ndi atsikana, ndipo ikanakhala yolipidwa ikanakwana madola 11 thililiyoni pa chaka. Bungwe lomwelo linati mu 2023 amayi 708 miliyoni sanali pa ntchito yolipidwa chifukwa chosamalira ena. Ndipo katunduyu akulemerabe: bungwe la zaumoyo la WHO likuti anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo adzakhala 1.4 biliyoni pofika 2030, ndi 2.1 biliyoni pofika 2050. Anthu oposa 55 miliyoni ali ndi matenda oiwalaiwala a dementia, ndipo pa madola 1.3 thililiyoni amene matendawa anadya mu 2019, pafupifupi theka linali mtengo wa chisamaliro cha achibale ndi anansi, amene amathera maola asanu pa tsiku tikatengera pakati. Kunena zoona, chipatala chachikulu kwambiri m'dziko lililonse ndi zipinda zogona za m'makomo, ndipo anamwino ake simuwadziwa ngakhale mayina.

Pa mayina pomwepo ndi pamene ndikufuna tikhalitse, chifukwa ndi pamene zinthu zimayambira kusokonekera. Tsegulani kompyuta ya chipatala. Mupeza dzina la wodwala, zaka zake, matenda ake, mankhwala ake. Mwina mupeza malo olembapo wachibale wapafupi, uja woimbiridwa foni zinthu zikafika poipa. Koma wachibale wapafupi kawirikawiri sakhala yemweyo amene amasambitsa wodwala. Pa pepala pamalembedwa mwana wachisamba amene amakhala kutali, pamene wotsuka chilonda m'mawa uliwonse ndi mpongozi kapena mlongo wamng'ono. Uthenga wokumbutsa tsiku la sikelo kapena lokaonana ndi dokotala umapita ku foni ya wodwala amene sathanso kuwerenga, kapena kwa wachibale wakutali uja, amene amakumbukira kuutumiza tsikulo litadutsa.

Ku United States, kuyambira 2014 pamene chigawo cha Oklahoma chinatsogolera, zigawo zoposa 40 zinakhazikitsa lamulo lotchedwa CARE Act. Zimene limanena n'zosavuta mpaka munthu kudabwa kuti zinafunika lamulo: chipatala chilembe dzina la wodwazika m'mabuku a wodwala, chimudziwitse wodwalayo asanatulutsidwe, ndipo chimuphunzitse ntchito zachipatala zimene akukazigwira kunyumba. Palibe loboti apa, palibe pulogalamu yamtengo wapatali. Ndi kabokosi kamodzi pa fomu. Koma popanda kabokosi kameneko, china chilichonse chimene mungamange sichidziwa woti chimulankhule. Ngati muli ndi ndalama zochitira chinthu chimodzi chokha chaka chino, chitani chimenechi.

Dzina likalembedwa, pafunike khomo loti wodwazika alowere poyera. Lero ambiri amalowera pa windo. Amagwiritsa ntchito pasiwedi ya wodwala, amayenda ndi foni ya wodwala m'thumba kuti nambala yachinsinsi ikatumizidwa aione, ndipo ena amasintha mawu pa foni kunamizira kuti ndi amayi awo, poti wa ku ofesi wakana kulankhula ndi munthu wina aliyense. Anthu okhulupirika mukuwasandutsa onama, ndipo pa nthawi yomweyo mukutsegulira njira akuba, chifukwa pasiwedi ikayamba kuyenda m'manja mwa anthu simungadziwenso amene analowa. Chofunika ndi chilolezo cholembedwa bwino, choti wodwala akadali ndi nzeru zake anene kuti uyu aziona mankhwala anga ndi masiku anga a ku chipatala koma asaone izi ndi izi, ndipo wodwazika azilowa ndi dzina lakelake. Chilolezocho chizitha kuchotsedwa, poti si wachibale aliyense amene ali ndi mtima wabwino. Alipo amene amasamalira penshoni ya agogo kuposa agogowo. Ndipo inu okonda makina owerenga zala ndi nkhope, kumbukirani kuti mizere ya zala za okalamba imafufutika, ndipo munthu wogonera pamphasa kapena pabedi chaka chonse sangabwere ku ofesi kudzatsimikiza kuti ali moyo. Dziko la India linayamba mu 2014 kulola olandira penshoni kutsimikiza zimenezi pa makina, kenako linalola otumiza makalata kuti azifika ndi makinawo pakhomo. Makina aziyenda, wodwala akhale.

Tsiku loopsa kwambiri kwa wodwazika ndi tsiku lotulutsidwa m'chipatala. Namwino ali ndi odwala ena akumudikira, amalankhula mofulumira, amakupatsa mapaketi a mankhwala, ndipo ukamafika kunyumba theka la zimene ananena zauluka. Kodi mapiritsi akale a BP apitirize pamodzi ndi atsopanowa, kapena atsopanowa alowa m'malo mwa akalewo? Bungwe la WHO linayambitsa ntchito yolimbana ndi zolakwika za mankhwala mu 2017, linati zolakwikazi zimadya madola 42 biliyoni pa chaka, ndipo linatchula nthawi yosamutsa wodwala ndi kumwa mankhwala ambiri nthawi imodzi kuti ndi ena mwa malo amene ngozi imachulukira. Apa luso lamakono lingapulumutse miyoyo popanda phokoso: mndandanda umodzi wa mankhwala, wonena a kumwa ndi a kusiya, ufike pa foni ya wodwazika tsiku lomwelo, m'chilankhulo chake, m'mawu oti angathe kumvetsera mobwereza usiku zinthu zitakhala bata. Dokotala wina akasintha mankhwala, mndandandawo usinthe.

Tsopano ndifike pa mantha anga aja. Zambiri zimene mukuzitcha kuthandiza wodwazika, mukaziyang'ana bwino, ndi kusamutsa ntchito kuchoka pa munthu wolipidwa kupita pa munthu wosalipidwa. Mayiko olemera akukonda njira yogonekera odwala kunyumba kwawo n'kumawayang'anira patali ndi makina; ku England mabedi otere anapitirira 10,000 mu 2023. Odwala ambiri amakondadi kukhala kwawo, ndipo zimenezo sindikutsutsa. Koma m'mabuku a chipatala mumalemba kuti bedi lapulumuka, ndalama zapulumuka. Nanga woyeza kutentha kwa thupi kanayi pa tsiku ndani? Wolemba manambala mu pulogalamu ndani? Wotchaja zipangizo, woimbira kampani netiweki ikaduka, wodzuka usiku belu likalira? Maola amenewo salembedwa paliponse, n'chifukwa chake ntchitoyo imaoneka yotchipa. Chimodzimodzi ndi mapulogalamu osungitsira malo kwa dokotala: wa pa desiki wachotsedwa, ntchito yake yapita kwa mwana wa wodwala, amene tsopano ali ndi pulogalamu ya chipatala, ina ya labu, ina ya inshuwalansi, ina ya ku famase, iliyonse ndi pasiwedi yake, ndipo palibe imene imalankhula ndi inzake. Lamulani kuti zilankhulane. Mphamvu zimenezo muli nazo, chifukwa ndinu amene mumagula.

Ma belu ndi masensa nawonso muwaganizire bwino. Kachipangizo kodziwitsa kuti wodwala wagwa, kapena kuti agogo oiwalaiwala atsegula chitseko usiku, kangathandize zedi. Koma kakamalira pachabe usiku uliwonse, wodwazika amakazimitsa, ndipo sindimudzudzula. Komanso belu limene likalira palibe wobwera ndi belu longoonjezera nkhawa. Mwana amene ali ku ntchito kutali, foni yake yamuuza kuti bambo ake agwa m'bafa, achite chiyani? Musanagule masensa, yambani mwayankha kuti kumapeto kwa waya kuli munthu wanji, ndipo afika pakapita mphindi zingati.

Ine ndinadwazikapo bambo anga atagwidwa ndi sitiroko. Chimene ndinkachisowa kwambiri pakati pa usiku chinali munthu wodziwa woti ndimufunse funso limodzi. Akutsokomola akangomwa madzi, kodi n'zoopsa? Yankho lake ndi lakuti inde, zingakhale zoopsa, chifukwa munthu wa sitiroko amatha kulephera kumeza bwino, madzi n'kulowera ku mapapo n'kuyambitsa chibayo. Zinthu ngati zimenezi namwino aliyense amazidziwa, koma sizifika m'makomo. Kuti wodwala adyetsedwe atakhala tsonga ndipo asagonekedwe akangomaliza kudya. Kuti wogona malo amodzi azitembenuzidwa pafupipafupi, ndipo uziyang'ana zidendene, m'chiuno ndi kumunsi kwa msana, poti khungu likafiira osabwerera ukalidina, chilonda chayamba. Kuti wa shuga akayamba thukuta, kunjenjemera ndi kusokonezeka, mwina shuga watsika. Kuti ponyamula munthu upinde mawondo, apo ayi m'nyumba mukhala odwala awiri. Nambala yaulere yoyankhidwa ndi namwino usana ndi usiku, pamodzi ndi timauthenga tatifupi ta mawu ndi ta kanema tophunzitsa zimenezi, zingachite zambiri kuposa zipangizo zonyezimira zimene mumazionetsa pa ziwonetsero.

Musanene kuti n'zosatheka, chifukwa munazichita kale kwa amayi oyembekezera. Ku South Africa, kuyambira 2014, MomConnect imatumiza mauthenga aulere kwa amayi apakati amene alembetsa ku chipatala, ndipo mayi angathe kufunsa funso n'kuyankhidwa. Ku India, Kilkari imaimbira mayi sabata iliyonse ndi uthenga wa mawu, mauthenga 72 kuyambira mwezi wachinayi wa mimba mpaka mwana atakwanitsa chaka. Izi zimagwira pa foni wamba ya mabatani. Ngati munatha kuperekeza mayi pa miyezi ya mimba, chikukuletsani n'chiyani kuperekeza wodwazika pa zaka za sitiroko, khansa kapena dementia? Njira ndi yomweyo: kulembetsa pa tsiku lotulutsidwa m'chipatala, mauthenga ogwirizana ndi matendawo ndi pamene afika, ndi munthu woyankha mafunso.

Ndatchula foni ya mabatani mwadala. Bungwe la ITU, loona za mafoni ndi intaneti pa dziko lonse, linati mu 2024 anthu 2.6 biliyoni, pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse, sanali pa intaneti. M'mayiko osauka amayi ndi amene amatsalira kwambiri pokhala ndi foni yamakono, ndipo amayi omwewo ndi amene akudwazika. Ngakhale m'mayiko olemera, odwazika ambiri ndi okalamba okhaokha, agogo aakazi a zaka 78 kusamalira agogo aamuna a zaka 83, maso akuvuta, zala zikunjenjemera. Wodwazika nthawi zambiri wasiya ntchito, ndiye bandulo aigula ndi chiyani? Ndipo dzanja lake limodzi limakhala lagwira wodwala. Choncho mangani zinthu zolankhula ndi mawu, zogwira popanda intaneti, zosafuna foni yatsopano. Inu a makampani a foni, mauthenga ndi manambala othandizira odwazika akhale aulere. Munachitapo zotere pa nthawi ya COVID-19 ndipo simunagwe. Ndipo njira yakale, ya pa desiki ndi ya pepala, musaitseke tsiku limene mwatsegula yatsopano.

Pali phunziro lina limene ndikufuna mulimve bwino. Mu 2019 bungwe la WHO linatulutsa iSupport, maphunziro a pa intaneti a anthu osamalira odwala dementia. Ali ndi zigawo zisanu, ndipo chimodzi mwa izo n'chophunzitsa wodwazika kudzisamalira yekha, chinthu chimene ambiri timachiona ngati tchimo. Ndi maphunziro abwino, ndipo mayiko amaloledwa kuwamasulira ndi kuwakonza kuti agwirizane ndi kwawo. Amene simunatero, chitani. Koma atawayesa ku Britain mwa kungowapatsa odwazika kuti aziphunzira paokha, ofufuza sanapeze kuti nkhawa ndi kukhumudwa kwawo zinachepa kuposa kwa anzawo amene sanapatsidwe, ndipo ambiri sanawagwiritse ntchito kwenikweni. Sizodabwitsa. Munthu amene sanagone bwino kwa miyezi sakhala pansi kuti amalize phunziro lachitatu. Amafunika wina womuimbira, kumufunsa kuti zikuyenda bwanji, kapena gulu la anzake amene akudutsa momwemo. Magulu a odwazika a pa WhatsApp ndi Facebook akuchita kale ntchito imeneyi popanda thandizo lanu, ndipo m'menemo mumayenda chitonthozo chenicheni pamodzi ndi malangizo abodza a mankhwala ozizwitsa. Kulipira namwino mmodzi kuti azikhala m'magulu angapo otere n'kumakonza zolakwika sikungakuthereni ndalama.

Pa za AI, nzeru zopangira za makompyuta, ndinena mwachidule. Ingathandize kumasulira kalata ya dokotala m'mawu osavuta, kudzaza mafomu, kukumbutsa. Koma musaiike m'malo mwa munthu pamene pali moyo. Mu 2023 bungwe lina la ku United States lothandiza anthu a vuto la kadyedwe, NEDA, linaganiza zotseka nambala yake yoyankhidwa ndi anthu n'kudalira makina ocheza otchedwa Tessa. Makinawo anapezeka akulangiza za kuchepetsa thupi kwa anthu amene malangizo otere angawaphe, ndipo anachotsedwa. Wodwazika wofunsa za mlingo wa mankhwala a ululu pakati pa usiku ayenera kudziwa ngati akulankhula ndi makina, ndipo pakhale batani limodzi lomufikitsa kwa munthu.

Nkhani ya ndalama ndi imene ikuonetsa bwino mtima wa makina anu. Ku Britain kuli ndalama ya boma yothandizira odwazika, Carer's Allowance. Mu 2024 inali mapaundi 81.90 pa sabata kwa munthu wosamalira mnzake maola 35 kapena kuposa, ndipo ankaloledwa kugwira ntchito yapambali malinga asapitirire mapaundi 151 pa sabata. Akapitirira ngakhale ndi paundi imodzi, ndalama yonse ya sabata imeneyo inkasanduka ngongole. Chopweteka n'chakuti makina a boma ankalandira chizindikiro kuchokera ku ofesi ya misonkho munthu akapitirira, koma zizindikiro zambiri sizinkafufuzidwa msanga. Ngongole inkakula mwakachetechete kwa miyezi, ena kwa zaka, kenako kalata inkafika. Pofika 2024 anthu oposa 130,000 anali ndi ngongole zoposa mapaundi 250 miliyoni pamodzi, ndipo ena anatengeredwa ku khoti. Makina amene anatha kuona kuti mayi wapitirira ndi paundi akanatha kumutumizira SMS sabata yomweyo. Anamangidwa kuti azigwira, osati kuti azichenjeza, ndipo amene anasankha zimenezo ndi anthu okhala m'mipando ngati yanu. A ku Australia ndi ngongole zawo za Robodebt, zimene makina a boma ankawerengera molakwika anthu olandira thandizo, ndi a ku Netherlands amene boma lawo linatula pansi udindo mu Januwale 2021 chifukwa chonamizira mabanja kuti aba ndalama zothandizira ana, angakuuzeni kumene njira imeneyi imathera.

Makina omwewo angathe kutembenuzidwa. Ngati kompyuta ikudziwa kuti munthu watulutsidwa m'chipatala atafa ziwalo, ndipo ikudziwa dzina la womusamalira, bwanji isamuuze yokha thandizo limene ali woyenera kulandira, n'kumudzazira theka la fomu? Kufikitsa ndalama sikulinso vuto. Mu Epulo 2020 dziko la Togo linakhazikitsa Novissi, njira yotumizira anthu ndalama za thandizo, m'masiku ochepa: anthu ankalembetsa pa foni iliyonse, ndalama n'kufika pa foni pomwepo, ndipo amayi ankalandira zochulukirapo kuposa abambo. Chimene chikusowa kuti odwazika alandire kenakake si luso ayi.

Za maloboti sinditaya nthawi. Dziko la Japan, kumene pafupifupi anthu atatu mwa khumi alionse ali ndi zaka 65 kupita m'tsogolo, laikapo ndalama zambiri kwa zaka. Loboti ya Robear, imene inaonetsedwa mu 2015 ikunyamula munthu kuchoka pabedi, inatchuka pa zithunzi koma sinafike m'makomo. Pamene tikudikira maloboti, lipoti la WHO ndi UNICEF la 2022 linati anthu 2.5 biliyoni amafunika chipangizo chowathandiza monga njinga ya olumala, magalasi kapena chothandizira kumva, ndipo pafupifupi 1 biliyoni alibe. Njinga yoyenera thupi la wodwala, matiresi oletsa zilonda, mpando wa chimbudzi wa pafupi ndi bedi, matewera a akulu: izi ndi zimene zimapulumutsa msana ndi tulo ta wodwazika. Ngati mukufuna zatsopano, pangani kaundula wa pa foni wa zipangizo zobwereketsa, kuti njinga ya munthu amene wachira kapena watisiya ipite kwa wina mawa lake m'malo mochita dzimbiri kuseri kwa nyumba.

Funsaninso kuti chichitike n'chiyani kampani ikagwa kapena waya akasinthidwa. Ku Rwanda anthu mamiliyoni analembetsa ku Babyl kuti aziona dokotala pa foni. Mu 2023 kampani ya Babylon, imene inali mwini wake wa Babyl, itagwa ku London, ntchitoyo inatsekedwa. Ku United States makampani atazimitsa netiweki ya 3G mu 2022, mabatani ambiri oitanira thandizo amene okalamba amavala m'khosi anafunika kusinthidwa, apo ayi akanangokhala chete. Ku Britain kusamutsa mafoni a m'nyumba kupita ku intaneti kunachedwetsedwa mpaka Januwale 2027, mwa zina chifukwa cha mabatani omwewa, amene ena sagwira pa waya watsopano kapena magetsi akazima. Banja likazolowera kudalira chipangizo limasiya njira zina zimene linali nazo. Choncho m'mapangano anu ogulira mulembemo za tsiku la maliro a kampani: mbiri ya wodwala ipita kuti, ndipo mabanja adziwitsidwa nthawi yaitali bwanji zisanachitike.

Ndisaiwale wodwala mwiniwake. Kamera m'chipinda imapatsa mtendere mwana amene ali kutali, koma m'chipindamo munthu wamkulu amavulidwa, amasambitsidwa, amalira. Ulemu wake suthera pa tsiku limene wasiya kuyenda. Afunsidwe akadali wotha kuyankha, ndipo pasankhidwe chipangizo choona zochepa zokwanira, monga sensa ya pa chitseko m'malo mwa kamera. Zimene zipangizozi zikusonkhanitsa zisagulitsidwe kwa otsatsa malonda kapena a inshuwalansi. Komanso zisasanduke chikwapu cha achibale akutali, owerengera mlongo wawo kuti lero watembenuza amayi kangati pamene iwo sanabwere chaka chonse.

Mukafunsa odwazika chimene akufuna koposa, ambiri sanena foni. Amati ndikufuna kugona usiku umodzi wathunthu, ndikufuna ndipite kwa dokotala wa ine mwini, ndikufuna masana amodzi opanda wondiitana. Mpumulo umabwera ndi munthu wina kulowa m'nyumba, kapena malo oti wodwala akakhale maola angapo. Ku Bogotá, m'dziko la Colombia, kuyambira 2020 pansi pa meya wa nthawiyo Claudia López, mzinda unayamba kukhazikitsa malo otchedwa Manzanas del Cuidado. Anagwiritsa ntchito mapu ndi manambala kuti aone kumene odwazika ndi olera ana achuluka, n'kuika thandizo pamalo oyenda pansi mphindi zochepa: wodwala kapena mwana akusamalidwa mbali ina, mayi akumaliza sukulu kapena kupuma mbali ina, zovala zikuchapidwa ndi makina. Kwa amene sangatuluke m'nyumba, thandizo limawapeza komweko. Umu ndi mmene ndikufunira kuona luso lamakono likugwira ntchito: kuseri, kulozera kumene anthu ndi ndalama zipite, kusungitsa malo a mpumulo ndi batani limodzi, kugawa masiku pakati pa abale kuti katundu asagwere mmodzi. Ndipo malamulo a ntchito ayende nazo limodzi. Mayiko a European Union anagwirizana mu 2019 kuti wodwazika azipatsidwa masiku asanu a tchuthi pa chaka; ku Britain kuyambira Epulo 2024 ndi sabata imodzi yosalipidwa. N'zochepa kwambiri, koma mayiko ambiri alibe ngakhale zimenezo, ndipo kugwirira ntchito kunyumba pa kompyuta sikupumitsa munthu, kumangomulola kugwira ntchito ziwiri m'chipinda chimodzi.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Zambiri mwa zolakwika zimene ndatchulazi sizikanachitika mukanakhala ndi wodwazika mmodzi m'chipinda pamene munkajambula mapulani. Ndikudziwa kuti mumati mumawafunsa, koma mumaitana msonkhano wa tsiku lonse ku hotelo, ndipo obwera ndi amene ali ndi wowatsalira kunyumba. Olemedwa zenizeni safika. Ngati mukufuna maganizo awo, pitani kwa iwo, kapena aimbireni pa ola limene anena okha, lipirani nthawi yawo monga mumalipirira akatswiri ena, ndipo lipirani munthu wokhala ndi wodwala pa nthawiyo. Muphatikizemo ana a sukulu amene akudwazika makolo, abambo amene amachita manyazi kunena kuti amasambitsa akazi awo, ndi amene sadziwa kuwerenga.

Mu 2015 mayiko anu anasaina zolinga za chitukuko za United Nations, ndipo ndime 5.4 ikunena za kuzindikira ndi kulemekeza ntchito yosamalira ena yosalipidwa. Mu 2023 munagwirizananso kuti pa 29 Okutobala pazikhala tsiku lokumbukira chisamaliro ndi chithandizo pa dziko lonse. Pa tsiku limenelo chaka chino, m'malo mwa zolankhula zotiyamikira, tiuzeni poyera kuti ndi zipatala zingati m'dziko lanu zimene tsopano zikulemba dzina la wodwazika, ndipo pa pulogalamu iliyonse imene mwalipira ndi ndalama za anthu, tionetseni maola amene odwazika ankathera isanabwere ndi amene akuthera tsopano, oyezedwa ndi anthu amene sanaigulitse. Imene yawonjezera maola, ikonzeni kapena isiyeni, ndipo ndalama zake zipite ku nambala ya namwino ndi ku malo a mpumulo.

Ine wanu,
Mmodzi wa odwazika matenda kunyumba